Kulapa m'Dzina la Fuko: Kuunika Nkhani ya C. S. Lewis

M'mwezi wa March 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangobuka, C. S. Lewis, mphunzitsi wa ku Oxford ndiponso Mkhristu wa Mpingo wa Anglican, adalemba nkhani yaifupi yotchedwa "Dangers of National Repentance". Idasindikizidwanso mu 1970 m'buku lotchedwa God in the Dock. Tifuna tione pamene idalasa ndi pamene idaperewera.

Lewis adaona achinyamata ophunzira akufulumira kulapa machimo a England, amene iwo ankati adathandiza kuutsa nkhondoyo. Koma ambiri mwa iwo adali ana pamene zinthuzo zinkachitika. Tsono potchula kuti "ife", mumtima ankaloza nduna za boma. Liwulo lidasanduka pobisalira: munthu aneneza mnzake mopanda chifundo, namayesa kuti akudzigunda pachifuwa. Lewis adaonjeza kuti mdani wofunika kumkhululukira ndi amene mtima umadana nayedi, ngakhale akhale wa fuko lathu lomwe. Apa tigwirizana naye kotheratu. Mfarisi wa pa Luka 18 nayenso adatchula machimo m'Nyumba ya Mulungu, koma adali machimo a ena. Pabwalo la milandu, wopepesa amagwira nkhuku ya m'khola lake.

Komabe nkhaniyi iyang'ana mtima wa wolapa yekha, wolakwiridwa saonekamo. Chonsecho pamene mafuko akhetsana magazi, kulapa kumasowa woti akumve nayankha. Mlandu suola: ukapanda kukambidwa, adzukulu amaulandira ngati chuma chamasiye, ngakhale iwo sadaponye mkondo. Wowerenga wosasamala angatenge chenjezo la Lewis ngati chilolezo chokhalira chete.

Mayeso enieni adachitika pa 18 November 1965. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican uli pafupi kutha, Aepiskopi a ku Poland adalembera kalata Aepiskopi a ku Germany. Woikonza wamkulu adali Ambuye Bolesław Kominek a ku Wrocław, ndipo mwa oisaina mudali Kadinala Stefan Wyszyński ndi Ambuye Karol Wojtyła. Dziko lawo lidataya anthu pafupifupi 6 miliyoni pa nkhondoyo. Sadabise nkhanzazo, koma adakhululuka, napemphanso chikhululukiro, atakumbukira mazunzo a anthu a ku Germany amene adapirikitsidwa m'midzi yawo nkhondo itatha. Boma la chikomyunizimu lidawatcha ogulitsa dziko. Kadinala Wyszyński adamanidwa pasipoti, ndipo Papa Paul VI sadaloledwe kufika ku Poland mu 1966 pa chikondwerero cha zaka 1,000 za ubatizo wa dzikolo. Akhristu awo ambiri adakhumudwa, ndipo yankho la ku Germany lidabwera lozizira.

"Ife" wa Aepiskopiwa adapambana mayeso a Lewis, pakuti adalankhula anthu okonda dziko lawo, nalipira okha mtengo wake. Koma adapitirira Lewis, chifukwa adalunjika kwa mdani wodziwika dzina, monga lifunira lamulo la pa Mateyo 5:44.

Tsono ife oimirira pa guwa, tisanaitane fuko kuti lilape, tidzifunse ziwiri: kodi mwa machimo tikuwatchulawo alipo amene atiwawa ife eni? Nanga kupepesako kudzafika m'makutu mwa yani?