Ma Gitala ndi Jazi ya M'misika Yathu

Tsiku lina la msika pa Mitundu, kufupi ndi pomwe amagulitsa mbatata ndi tomato, tinapeza anyamata atatu akuimba. Mmodzi anali ndi gitala ya mawaya anayi, wachiwiri atakhalira babatoni, ndipo wachitatu ankamenya ng'oma yachikopa yomwe pamwamba pake anamangirirapo tizitsekerero ta mabotolo. Anthu ankaima pang'ono, kuponya kandalama m'mbale, n'kumapitiriza zawo. Patapita masiku ochepa, tili m'minibasi yochoka pa Nathenje kulowera mumzinda wa Lilongwe, kondakitala anatsegula nyimbo za Madalitso Band. Bambo wina wachikulire anati monyadira, “Awatu ndi aja akuimba ku Ulaya.” Tinadzifunsa chifukwa chimene kaimbidwe kamodzimodzi kamalandirira ndalama yachisoni pa Mitundu koma ulemu pa Nathenje, pomwe kusiyana kwake n'kwakuti ena anakwera ndege.

Kuno kwathu mawu akuti jazi ali ndi mbiri yawoyawo. Amene ankapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale anabwerako ndi magitala, mabanjo ndi magalamafoni, ndipo nyimbo za kwela za m'misewu ya Johannesburg zinamera mizu m'midzi yathu. Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka anaimba kwela mwa njira yawo, mpaka katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawajambula mu 1967. Alan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo yemwe anamwalira mu 1995, anatcha gulu lake Chimvu Jazz. Ku Ndirande kunabadwa Kasambwe Brothers. Magulu ambiri otere anamanga nyimbo zawo pa mafuwa atatu: chida cha mawaya chotsogolera, besi, ndi ng'oma.

Madalitso Band ndi anthu awiri onyamula mafuwa atatu omwewo. Yosefe Kalekeni amaimba gitala ya mawaya anayi kwinaku akumenya ng'oma ndi chidendene, pomwe Yobu Maligwa amaimba babatoni, besi ya waya umodzi yomwe owerenga a kunyanja amaidziwa bwino kudzera mwa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay. Awiriwa anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe asanaitanidwe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Kuchokera apo kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva yawatulutsira zimbale zitatu: Wasalala mu 2019, Musakayike mu 2022, ndi Ma Gitala mu 2025.

Kuti timvetse luso lawo, tiwayerekeze ndi gulu la magitala atatu lotchuka padziko lonse, la Paco de Lucía wa ku Spain, John McLaughlin wa ku England ndi Al Di Meola wa ku America. M'chimbale chawo cha 1981, Friday Night in San Francisco, aliyense amapatsidwa nthawi yake yoonetsa liwiro la zala, anzake akumuperekeza, kenako n'kusinthana. Chokoma chake chili mu mpikisano. Kwa Madalitso kulibe wotuluka pamzere kuti aonekere yekha. Gitala imazungulira pa mayendedwe ochepa omwewo, ng'oma siphonya, ndipo chimene chimasinthasintha ndi babatoni, yomwe imakwera ndi kutsika ngati munthu akuyankhula. Zimafanana ndi amayi awiri osinja mumtondo umodzi, kapena asodzi opalasa bwato: ubwino wa ntchito uli pakuti wina asalowe m'nthawi ya mnzake. Womvera mothamanga anganene kuti nyimbo zonse n'zofanana, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukamvetsera mpaka kumapeto umazindikira kuti mawu a oimba awiriwa amalowa pa malo osiyanasiyana a mzungulirowo, ndipo kusuntha kochepako ndi kumene kumadzutsa anthu kuti avine.

Ma Gitala ndi chimbale chimene awiriwa alolera kuti situdiyo iwonjezere zina pa kaimbidwe kawo. Mukumveka mawu osanjikizana ndi zida zina zomwe pamsewu sakanatha kuzinyamula. Tiyenera kuwayamika pa zinthu ziwiri. Choyamba, babatoni sanaibise kumbuyo ngati chinthu chochititsa manyazi. Idakali msana wa nyimbo. Chachiwiri, akuimbabe m'Chichewa cha anthu wamba, osachisungunula pofuna kusangalatsa alendo. Oimba ambiri akangolawa za kunja amayamba kuimbira khutu la mlendo, koma awa sanatero.

Komabe tili ndi dandaulo. Mphamvu ya Musakayike inali m'mipata, m'kamphindi kaja pamene gitala yaleka, ng'oma isanagunde, ndipo womvera amadzaza yekha mpatawo ndi phazi kapena m'manja. Pamene Ma Gitala yadzaza mipata yotereyi ndi mawu owonjezera, nyimbo imakoma msanga koma womvera amasanduka mlendo wongolandira chakudya chophikaphika. Sitikunena kuti oimba athu akhale pomwe anayambira, pakuti amene amafuna kuti woimba wa ku Malawi asasinthe amakhala akufuna chithunzi cha umphawi, osati nyimbo. Tikungoti chowonjezera chilichonse chiyesedwe ndi funso limodzi: kodi chikuthandiza mafuwa atatu aja kugwira mphika, kapena chikungodzaza pamoto?

Dandaulo lalikulu ndi la ife eni. Olemba a kunja akamatama Madalitso amakonda kuyambira pa zida zopanga pamanja ndi moyo wa m'misewu, ngati kuti chodabwitsa n'chakuti mmphawi angathe kuimba. Ambiri mwa iwo samva Chichewa, choncho sangaweruze ngati mawu a nyimbo ali akuya kapena osaya, ngati langizo lili lanzeru kapena longobwereza. Ntchito imeneyo ndi yathu, ife amene timamva liwu lililonse, koma taisiya. Timadikira kuti Geneva ivomereze kaye, ndiyeno ifenso n'kuombera m'manja. N'zoona kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma mutu wometedwawo ndi wathu, ndipo ndife tiyenera kunena ngati wametedwa bwino.

Palinso nkhani ya thukuta. Nyimbo zomwe zinkamveka m'minibasi muja mwachidziwikire zinachokera kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pa mtengo wochepa, ndipo pa malonda otere woimba sadziwa n'komwe kuti nyimbo yake yagulitsidwa. Bungwe la COSOMA lakhala likutolera ndalama za eni nyimbo kuyambira mu 1992, koma bungwe silingalowe m'thumba la munthu aliyense. M'makomo mwathu timaphunzitsa ana kuti wogwira ntchito alipidwe, ndipo sitiona chifukwa chochotsera woimba pa lamulo limeneli.

Ma Gitala ndi chimbale choyenera kuchimvetsera mofatsa, ndipo amene sanamvepo Madalitso ayambe ndi Musakayike kuti adziwe pomwe awiriwa achokera. Akatero, tsiku lina akadzadutsa pa Mitundu, pa Nathenje, kapena pa msika wa Salima ndi Mangochi n'kupeza anyamata atatu ndi babatoni yawo, aime mpaka nyimbo ithe. Aweruze ngati woimba besi akusunga nthawi, ngati mawu ali ndi nzeru, ndipo akakhutira, alipire monga mmene amalipirira mmisiri amene wagwira ntchito yabwino.