Masamba osafota a ku Kadoma ndi Chegutu

Ku Kadoma ndi Chegutu, kumene Amalawi ambiri anakhazikika chifukwa cha migodi ya golide ndi minda ya thonje, dzuwa la Okutobala limafotetsa duwa lothyola tsiku lomwelo. N'chifukwa chake luso losunga masamba ndi glycerine lingathandize kumeneko.

Wokongoletsa amadula nthambi ya bulugamu masamba atakhwima, n'kuphwanya kunsi kwake ndi hamala. Kenako amaiimika m'makapu 2 a madzi otentha osakaniza ndi kapu 1 ya glycerine. Nthambiyo imayamwa pang'onopang'ono. Madzi amauluka, glycerine n'kutsalira m'masambamo. Pakatha milungu 2 mpaka 6, masamba amasanduka ofiirira, ofewa ngati chikopa chofufuta, osathothoka ukawapinda.

Masamba anthete amakana, amangolefuka. Thonje lophulika pamtengo silifuna mankhwala. Kungoliumitsa pamthunzi, lalowa kale m'nkhata ya paukwati.