Chidindo ndi supuni m'buku la Tess of the d'Urbervilles

Buku la Thomas Hardy lotchedwa Tess of the d'Urbervilles, lomwe linatuluka mu 1891, ambiri amaliwerenga ngati nkhani ya mtsikana wolakwiridwa ndi amuna awiri. Ine ndikufuna kuunika chomwe chinayambitsa mavuto akewo: kafukufuku wa mbiri ya makolo.

M'busa Tringham, wokonda kufukula zakale, akumana ndi John Durbeyfield panjira namuuza kuti dzina lake lenileni ndi d'Urberville, kungoti linapotoka m'kupita kwa nthawi, ndiponso kuti kholo lake linabwera ku England pamodzi ndi William the Conqueror, amene anagonjetsa dzikolo mu 1066. John, mmphawi woyendayenda ndi timalonda, akondwerera uthengawu ndi mowa. Alephera kupita kumsika ndi ming'oma ya njuchi, Tess apita m'malo mwake usiku, ndipo hatchi yomwe banjalo linkadalira ifa pangozi. Apa mpamene makolo atumiza Tess kwa mayi wina wolemera wa dzina la d'Urberville kuti akadziwike monga wachibale.

Umboni umene banja la Tess lili nawo ndi zinthu ziwiri. Pali chidindo chakale chokhala ndi mkango woimirira pachishango, pamwamba pake pali linga. Palinso supuni yasiliva, yotha kale, imene amayi ake amatakasira supu. Ku England chizindikiro cha banja chotere chimayendera malamulo. Bungwe la College of Arms, lokhazikitsidwa ku London mu 1484, limachipereka kwa munthu mmodzi, ndipo chimatsikira kwa zidzukulu kudzera mwa bambo. Kufanana dzina kokha sikumpatsa munthu ufulu wochigwiritsa ntchito. Potsata lamuloli, mwini mkangowo ndi John. Alec, amene auza Tess mosachita manyazi kuti mkango ndi lingalo nzake, alibe magazi a d'Urberville ngakhale dontho. Bambo ake, Simon Stoke, anali wamalonda wa kumpoto amene atalemera anakakhala pansi ku British Museum, nasanthula mabuku a mabanja otha mpaka anapeza dzina lomukomera.

Apa Hardy walasa bwino. Zimene m'busa anapeza nzoona, komatu sizipatsa John munda kapena nyumba. Potsazikana ndi mwana wake, John amutuma kuti akauze Alec kuti ulemuwo akhoza kuugulitsa pa mapaundi 1,000, kenaka atsitsa yekha mtengo mpaka kufika pa 20. Iye atamwalira, banjalo lichotsedwa m'nyumba, lisowa pogona ku Kingsbere, ndipo liyala bedi panja, pansi pa zenera la tchalitchi momwe makolo awo agona. Mudzi wa Kingsbere anautengera ku Bere Regis, m'chigawo cha Dorset, kumene kunali banja lenileni la Turberville.

Pamene sindigwirizana naye ndi apa. Atatha kuseka anthu okhulupirira magazi, Hardy ayamba kuwadalira yekha. Ku Wellbridge, Angel Clare aona zithunzi za amayi awiri akale a d'Urberville, nkhope zawo zaukali, nazindikira kuti Tess akufanako nawo. Tess akamenya Alec pakamwa ndi golovesi yachikopa, wolemba atikumbutsa za makolo ake ankhondo. Atamupha, Angel adzifunsa ngati si magazi omwewo amene amuchititsa. Wina anganene kuti awa ndi maganizo a Angel chabe, koma za golovesizo akunena ndi wolemba mwini. Kwa ine zimenezi zikufooketsa bukuli, chifukwa mkwiyo wa Tess uli ndi zifukwa zokwanira zimene taziona ndi maso athu: umphawi, kugwiriridwa, imfa ya khanda lake ndi kuthawidwa ndi mwamuna.

Wowerenga wa Chichewa, wozolowera kuwerenga mbumba kudzera mwa mayi, aonanso china msanga. M'busa atchula makolo a John a zaka mazana asanu ndi atatu, koma za makolo a Joan, mayi wa Tess amene pautsikana wake ankakama ng'ombe, safufuza kanthu. Chonsecho Hardy yemweyo akuti kukongola kwa Tess, kumene kunakopa Alec ndi Angel yemwe, kwakukulu kunachokera kwa Joan.