Jenever wa rye, luso la otcheza a ku Schiedam

Ambiri tikamva za jini timaganiza za England, komatu kholo lake ndi jenever, mowa wotchezedwa ku Netherlands ndi Belgium. Mzinda wa Schiedam, pafupi ndi Rotterdam, udatchuka nawo kwambiri, ndipo mpaka lero kuli zigayo zazitali zoyendera mphepo zimene zinkagaya mbewu za otcheza mowawu.

Luso lonse lagona pa moutwijn, mowa wa mbewu umene ndi maziko a jenever. Wotcheza amasakaniza mbewu ya rye, chimanga ndi chimera cha balere, n'kulisiya phalalo kuti lisase. Kenako amalitcheza katatu m'miphika ya mkuwa, akununkhiza ndi kulawa monga achitira mayi wodziwa kachasu posiyanitsa mutu ndi madontho otsiriza. Pamapeto pake amawonjezera zipatso za juniper, zomwe zimapatsa mowawu dzina ndi fungo.

Malamulo amateteza lusoli. Jenever wotchedwa oude ayenera kukhala ndi moutwijn wosachepera magawo 15 pa 100, pomwe wotchedwa korenwijn amafunika magawo osachepera 51.

Kulawa kwake nakonso kuli ndi mwambo. Amathira m'kagalasi kooneka ngati duwa la tulip mpaka kudzaza ndendende, moti womwa amawerama n'kupsontha kaye osakakhudza ndi dzanja. Fungo la buledi wotentha limayamba kufika, kenako rye amayabwa pang'ono palilime, juniper n'kutsalira kukhosi.

Mowa wotere sapapira ayi. Ulaweni pang'onopang'ono, mwaulemu, chifukwa m'kagalasi kameneko muli thukuta la mlimi ndi kuleza mtima kwa wotcheza.