Za Msewu wa ku Nkhulambe ndi Oyendamo

M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa napolo m'phiri la Mulanje, nawononga nyumba, milatho ndi chipatala cha pa Nkhulambe. Chiyambire pamenepo ambiri anena kuti msewu wochokera ku Muloza kunka ku Chiringa ukakonzeka, mudzi udzaukanso. Mawuwo ngoona, koma ife tiyesa kuti aperewera.

Pakuti msewu sunyamula munthu. Mwini galimoto adzakondwera nawo ndithu, koma mkazi wamasiye wosenza nandolo wake, kapena wodwala wofuna kufika ku chipatala cha Holy Family, adzatsalabe m'manja mwa akabaza. Sitinyoza anyamatawo, popeza ndiwo afika kumene galimoto ilephera. Komatu njinga yamoto inyamula pang'ono, ndipo mtengo wake udya phindu la mlimi.

Chimene chiutsa msika ndicho basi ya anthu onse, yotsika mtengo, yofika pa nthawi yodziwika. Pamene iima, pomwepo ogulitsa asonkhana, ndipo othawa abwerera kudzamanga. Chifukwa chake mafumu athu ndi akulu a mpingo, popempha phula, asaiwale kupemphanso basi.