Kalata Yopanda Miyendo: Sukulu za Chifalansa ku Canada ndi Ana a Kumpoto kwa Kasungu

Chaka chatha, pa nyengo yothyola fodya, ndidapita kukayendera mmodzi wa ophunzira athu amene analikuyesera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya kumpoto kwa boma lino la Kasungu, kufupi ndi malire a Mzimba. Mnyamatayo adakonza phunziro lache bwino ndithu. Adajambula galu pa bolodi, nafunsa ana a Sitandade 1 kuti, "Ichi n'chiyani?" Ana ambiri adayankhira pamodzi kuti, "Ntchewe!" Iye adati, "Iai, mwalakwa," nalemba mau akuti galu. Kuyambira pamenepo kufikira kulira kwa belu, manja amene adakwezedwa anali owerengeka. Anawo sadalakwe, pakuti adatchula nyamayo monga amai ao amaitchulira m'Chitumbuka. Mphunzitsinso sadachite mwa nkhanza, pakuti adatsata buku lache. Nanga tsono mlandu tiuike pa yani?

Pofuna kuyankha funso limeneli ndifuna kuti tipende zolembedwa ziwiri zimene zidafuna kuchiritsa nthenda imodzimodzi: gawo 23 la chikalata cha ufulu wa anthu cha dziko la Canada, cha m'chaka cha 1982, ndi kalata imene Unduna wa Maphunziro wa kwathu kuno udatulutsa pa 28 Malichi 1996.

Tiyambe ndi Canada. M'dziko limenelo olankhula Chifalansa ndiwo ochuluka m'chigawo cha Quebec, koma m'zigawo zina ali ochepa pakati pa olankhula Chingerezi. Ku Manitoba, m'chaka cha 1890, boma lidachotsa Chifalansa pa nchito za boma, nileka kupereka ndalama ku sukulu za Akatolika, kumene ana ambiri a Chifalansa ankaphunzira. M'chaka cha 1916 lidaletsa ndithu kuphunzitsa m'chinenero china kupatula Chingerezi. Ku Ontario nako lamulo la nambala 17, la m'chaka cha 1912, lidalola kuphunzitsa m'Chifalansa m'zaka ziwiri zoyamba zokha. Makolo sadagone. A ku Manitoba adapanga bungwe lao mu 1916 momwemo, ndipo aphunzitsi ankaphunzitsa Chifalansa mwakabisira, nabisa mabuku woyendera sukulu akamafika. Mlembi wochuka Gabrielle Roy, wobadwira ku Saint-Boniface mu 1909, adakulira m'sukulu zotere, nakhalanso mphunzitsi iye mwini.

Gawo 23 lidadza kudzathetsa nkhani imeneyi. Limapatsa makolo a chinenero chochepa mwa ziwiri za boma ufulu wakuti ana ao aphunzire m'chinenero chao, ndi ndalama za boma, paliponse pamene chiwerengero cha ana chili chokwanira. Mu 1990, pa mlandu wa Mahé, umene makolo a ku Edmonton adasumira boma la Alberta, bwalo lalikulu la dzikolo lidagamula kuti ufuluwo uphatikizanso mphamvu ya makolo pa kayendetsedwe ka sukulu zao. Pofika 1994 a Chifalansa a ku Manitoba adali ndi bungwe laolao loyendetsa sukulu.

Tibwere kwathu tsopano. M'masiku a Nyasaland mishoni ya Livingstonia inkaphunzitsa ana a kumpoto m'Chitumbuka, ndipo mabuku a chinenerocho analipo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress, umene udachitikira ku Lilongwe, udagwirizana kuti Chinyanja chizichedwa Chichewa ndi kuti chikhale chinenero cha pfuko lonse. Chitumbuka chidachoka m'sukulu ndi pa wailesi, ndipo chidabwereranso pa wailesi mu 1994. Kenaka padadza kalata ya 1996 ija. Idalamula kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aziphunzira m'chinenero cha kwao, ndi kuti Chingerezi chikhale phunziro kuyambira pachiyambi, nichikhala chinenero chophunzitsira kuyambira mu Sitandade 5.

Choyamba tiiyamikire kalatayi, pakuti maganizo ache anali oona. Bungwe la UNESCO lidanena kale mu 1953 kuti mwana amayamba bwino maphunziro m'chinenero chimene adayamwira. Chifukwa chache n'chapafupi. Mwana wolowa Sitandade 1 ali ndi nchito imodzi yaikulu, ndiyo kuzindikira kuti zilembo za pa bolodi ndi mau omwe aja amene amatuluka pakamwa pache. Tikampatsa mau achilendo tamsenzetsa akatundu awiri pa ulendo umodzi. Ena amati Chitumbuka ndi Chichewa n'zapachibale, ndipo mwana sangavutike. Chibale chilipo, koma taonani: ife timati madzi, dzina, tsitsi; iye amati maji, zina, sisi. Kwa iye kupenda ndiko kuwerenga zinthu kuti adziwe kuchuluka kwache, pamene kwa ife ndiko kuyang'anitsitsa. Mphunzitsi wosadziwa zimenezi amayesa mwana mbuli, chonsecho mwanayo alikulemba mokhulupirika chimene khutu lache lidazolowera.

Koma kalata yathu idalephera pa zinthu zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi zomwe zidalimbitsa gawo 23. Choyamba, gawo 23 lili m'malamulo akulu a dziko, ndipo kholo lingathe kupita nalo ku bwalo la milandu. Yathuyi idali kalata chabe ya Unduna, imene kalata ina ikadatha kuifafaniza mawa lache. Chachiwiri, gawo 23 limanena za ndalama. Kalata yathu idafika pa nthawi imene sukulu zidadzaza chifukwa cha maphunziro aulere a 1994, pamene ana adachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mabuku a masamu ndi maphunziro ena adakhalabe a m'Chichewa, ndipo makoleji sadayambe kukonzekeretsa aphunzitsi kuphunzitsa m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chisena. Mlimi angalamule kuti fodya aokeredwe, koma ngati sadafese nazale, adzaokera chiyani? Chachitatu, makolo sadafunsidwe. Ku Canada ufulu udachokera pansi, makolo ataulimbira zaka zoposa 60. Kwathu udagwa kuchokera kumwamba, ndipo makolo ambiri adauyesa njira yomana ana ao Chingerezi, chimene iwo amachiona ngati khomo la nchito. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 lidati chinenero chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo Unduna udalengeza mu 2014 kuti zimenezi ziyambire mu Sitandade 1.

Komabe tisatengeke ndi chikomekome cha mkuyu. Gawo 23 lili ndi zilema zache. Limateteza Chifalansa ndi Chingerezi zokha, zinenero za anthu amene adadza kuchokera ku Ulaya. Zinenero za eni dziko, monga Cree ndi Ojibwe, silizitchula, ngakhale kuti ana a mitundu imeneyi ndiwo adalangidwa koopsa m'sukulu zogonera chifukwa cholankhula za kwao. Ndiponso Chifalansa ndi chinenero cholemera, chokhala ndi mabuku a ku Paris ndi Montreal. Kholo lochisankha silitaya kanthu. Chitumbuka chilibe nkhokwe yotere. Mau aja akuti chiwerengero chikhale chokwanira nawonso angativute kuno. Pa esiteti ya fodya pamakhala matenanti ochokera ku Mulanje, ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Dowa, ndipo m'kalasi limodzi mungapezeke ana a zinenero zinai, ena a iwo adzachoka fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma. Sukulu yapayokha ya mtundu uliwonse siingatheke pamenepo, ndipo sindiifuna. Chichewa chatithandiza kumvana pa msika, m'chipatala ndi m'basi, ndipo mwana wa ku Nkhamenya ayenera kuchidziwa bwino. Chimene ndikana ndicho kuganiza kuti adzachidziwa msanga tikamchititsa manyazi ndi chinenero cha amache.

Pali chitsanzo china chapafupi chimene chiyenera kutichititsa ife Achewa kuganiza. Kutsidya kwa malire, m'dziko la Mozambique, ife ndife ochepa, ndipo chinenero cha sukulu ndi Chipwitikizi. Ku Tete, kuyambira 1993 kufikira 1997, boma lidayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja poyamba, nawaolotsera pang'onopang'ono ku Chipwitikizi, ndipo mu 2003 lidayamba kukuza njira imeneyi m'zinenero zambiri. Ngati tikondwera kumva kuti mwana wa ku Tete alikuphunzira kuwerenga m'chinenero chathu, tingamkanize bwanji mwana wa kwa Kaluluma chimene tikufunira mbale wathu wa kutsidya?

Tsono inu amene mudzatuluka m'koleji muno simudzasintha lamulo m'chaka chanu choyamba, ndipo mudzaphunzitsa ndi mabuku amene boma lidzakupatsani. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gwiritsani chimene chili m'manja mwanu. Mukafika pa sukulu, funsani ana chinenero chimene amalankhula kwao, ndipo mulembe. Khalani ndi kabuku kolembamo mau a chinenerocho, muphunzire khumi pa sabata, ana omwewo akhale aphunzitsi anu. Mwana akayankha zoona m'chinenero cha kwao, mubvomereni poyamba, kenaka mumpatse mau a m'buku. Pa msonkhano wa makolo afotokozereni kuti mwana wodziwa kuwerenga m'chinenero chimodzi saphunziranso kuwerenga kachiwiri. Amangosamutsa luso lache kunka nalo ku Chingerezi. Mukatero mudzakhala mutachita chimene kalata ya 1996 idalephera, ndiko kufunsa eni ana.

M'mera mpoyamba. Mwana amene wauzidwa m'mwezi wache woyamba kuti mau a amache ndi olakwa amaphunzira kukhala chete, ndipo kuno kwathu mwana wachete sachedwa kupezeka m'chigafa alikusoka fodya. Mnyamata wathu uja ndidakambirana naye pansi pa mtengo titaweruka. M'mawa mwache adajambulanso nyama ija, nalemba pansi pache mau awiri, ntchewe ndi galu, nafunsa ana kuti amuuze maina a nyama zina monga amazitchulira kwao. Belu lidalira asanathe kuwalemba onse.