Nembanemba ya Selo Si Khoma, Si Sefa

Pomasulira maphunziro a sayansi m'Chichewa, alembi ena amatcha kachikuto kopyapyala kozinga selo kuti "khoma", pomwe ena amati "sefa". Mawu awiri onsewa ngosokeretsa ophunzira.

Poyamba, selo ya chomera ili ndi khoma lenileni, lolimba, lokhala kunja kwa kachikutoka. Selo ya nyama ilibe khoma. Choncho mphunzitsi wotchula zinthu ziwirizi ndi dzina limodzi adzasowa chonena wophunzira akadzafunsa kusiyana kwake.

Chachiwiri, sefa imalekanitsa zinthu potengera kukula kokha: ufa umadutsa, misere nkutsala. Kachikutoka kamasankha. Mpweya wa okosijeni umadutsa wokha m'mafuta a kachikutoka, koma shuga amalowera pa mapuloteni apadera. Puloteni ina, imene Jens Skou adaitulukira m'chaka cha 1957, imagwiritsa ntchito mphamvu potulutsa tizigawo titatu ta sodiyamu nkulowetsa tiwiri ta potaziyamu. Sefa singachite zimenezi.

Mawu oyenera ndi "nembanemba", chifukwa amangonena za kupyapyala kwa chinthucho osanamizira ntchito yake. Ntchitoyo alembi ndi aphunzitsi aifotokoze ndi mneni "kusankha".